Akudandaula Koma Satuluka: Chimawagwira mu Mpingo N'chiyani?

Nkhani ya lero ndi ya munthu amene amapezeka m'mudzi uliwonse ndi m'tauni iliyonse. Lamulungu masana akaweruka ku tchalitchi amafika pakhomo akung'ung'udza: ulaliki unali wa ndalama zokhazokha, mipando yakutsogolo ndi ya mabwana, ndipo za pepa sande ya chaka chatha palibe amene wafotokoza kumene zinalowera. M'kati mwa sabata amakamba za mkulu wa mpingo amene mlandu wake unakwiriridwa chifukwa ndi amene anagula malata a tchalitchi. Koma likakwana Lamulungu lina, m'mamawa nsapato zapukutidwa kale, Baibulo lili m'khwapa, ulendo wa komweko.

Anthu akunja amafulumira kuweruza kuti ameneyu anatsekedwa m'maso. Kuweruza kotereku n'kwapafupi kwambiri. Kawirikawiri amene amadziwa bwino zofooka za mpingo ndi amene ali m'katimo, amene anakhalapo mu komiti ya zachuma, amene anaphikirapo alendo pa msonkhano wa chitsitsimutso n'kuona m'mene nyama inagawidwira. Akuona zonse, ndipo akukhalabe. Chiwerengero cha anthu cha mu 2018 chinapeza kuti mwa anthu 100 alionse m'Malawi, pafupifupi 17 ndi Akatolika, 14 ndi a CCAP, 14 ndi Asilamu, ndipo amene ananena kuti alibe chipembedzo anali awiri okha. Odandaula ndi ochuluka, otulukiratu ndi owerengeka. Ndiye chimawagwira n'chiyani?

Yankho loyamba lili pa siwa. Kuno kwathu munthu akamwalira, uthenga umapita kwa amfumu, kenako kwa akulu a mpingo. Dzuwa lisanalowe amayi amakhala atafika, a Chigwirizano ngati ndi sinodi ya Nkhoma, a Mvano ngati ndi ya Blantyre, a Umanyano kumpoto, a Dorika kwa a Seventh-day Adventist, a mphakati kapena limana kwa Akatolika. Amabwera ndi nkhuni, ufa m'mbale, mchere pang'ono. Amagona pansi ndi namfedwa, amaimba usiku wonse mpaka mawu kusasa. Abambo a mlaga amasonkha chipepeso, kwaya imaperekeza bokosi mpaka kumanda. Kwa Asilamu nakonso jamaa ndi imene imasambitsa thupi, kulikulunga mu nsanda ndi kunyamula jeneza. Ntchito yonseyi palibe ofesi ya boma imene imaigwira.

Ndipo aliyense anaonapo mtundu wina wa maliro, a munthu amene anadulidwa mu mpingo kapena anangosiya kupita. Akulu a mpingo amatsegula kaundula, n'kupeza kuti dzina linafufutidwa kapena khadi la masika lili ndi mipata ya zaka zingapo. Amayi amabwera ngati anansi chabe, yunifolomu aisiya kunyumba. Bokosi limanyamuka kuli zii. Achibale amachita manyazi kuposa chisoni, ndipo nkhani yake imakambidwa m'mudzimo kwa nthawi yaitali. Gogo amene anaonapo zimenezi sangasiye mpingo chifukwa choti abusa agula galimoto yachiwiri. Iye akuwerengera tsiku lake lomaliza, ndiponso ana ake amene adzatsale akuyang'anizana ndi anthu.

Maliro ndi mbali imodzi chabe. Ukwati umadalitsidwa ku mpingo, kalata yofunsira ntchito kapena malo a sukulu nthawi zina imafuna siginecha ya abusa kapena ansembe, munthu akasamukira ku Lilongwe kapena ku Johannesburg amanyamula kalata ya mpingo ndipo ikamawerengedwa kutsogolo amakhala wapeza abale tsiku lomwelo. Zipatala za mipingo zimene zili pansi pa bungwe la CHAM, monga Nkhoma, Ekwendeni, Likuni, Malamulo, Mulanje Mission ndi St Luke's ku Malosa, zimapereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chithandizo cha zaumoyo m'dziko muno, makamaka kumidzi. Zipatalazi sizifunsa munthu kuti amapemphera kuti, komabe kwa munthu amene anabadwira m'chipatala cha mishoni n'kuphunzira pa sukulu ya mishoni, mpingo ndi mbali ya mbiri ya banja lake.

Ku Germany zinthu zimayenda mosiyana. Kumeneko membala wa mpingo amadulidwa msonkho wa tchalitchi kudzera ku boma, ndipo akafuna kutuluka amapita ku ofesi kukasaina chikalata. Malipoti a nkhanza zimene ansembe ena anachitira ana atachuluka, Akatolika oposa 520,000 anasaina chikalata chimenechi m'chaka cha 2022 chokha. Si kuti Ajeremani ali ndi mtima wolimba kuposa Amalawi ayi. Munthu wa ku Cologne akatuluka mu mpingo, inshuwalansi yake ya chipatala siisintha, penshoni yake imabwerabe, ndipo maliro ake adzayendetsa ndi kampani yoika maliro. Wa ku Dowa akatuluka, amataya zambiri nthawi imodzi. Ngakhale ku Germany komweko, Akatolika otsala anali oposa mamiliyoni 20.

Komatu zikanakhala za ufa ndi nkhuni zokha, anthu bwenzi akuthawa pamene chiphunzitso chenichenicho chapezeka kuti chalakwika poyera. Mbiri ikusonyeza kuti sizikhala choncho nthawi zonse, ndipo chitsanzo china chabwino chili konkuno ku Nkhata Bay.

Elliot Kamwana anali Mtonga amene anaphunzira ku Livingstonia. Kenako anakumana ndi Joseph Booth ku Cape Town, mzungu yemwe uja anapita ndi John Chilembwe ku America, ndipo kwa iyeyu anaphunzira ziphunzitso za Watch Tower. Atabwerera kwawo chakumapeto kwa 1908, m'miyezi yowerengeka anabatiza anthu oposa 9,000 m'nyanja ndi m'mitsinje. Ku Livingstonia munthu ankadikira zaka ali m'kalasi asanabatizidwe, pamene Kamwana ankabatiza popanda kuchedwetsa. Ankalalikira kuti mu 1914 ulamuliro wa dziko lino udzatha, msonkho wa nyumba udzatha nawo, Ufumu wa Mulungu udzafika. Boma la atsamunda linamugwira mu 1909 n'kumuchotsa pakati pa anthu ake. Chaka cha 1914 chinafika, nkhondo yaikulu inabukadi, koma msonkho sunathe ndipo atsamunda sanachoke. Kamwana anakasungidwa ku Mauritius ndi ku Seychelles mpaka 1937. Atabwerako anapeza anthu akumudikirabe, nayambitsa mpingo wa Mlonda. Pa zaka zonse zimene iye kunalibe, Atonga opita ku migodi anali atafalitsa kale uthenga wa Watch Tower ku Rhodesia.

Zofanana ndi zimenezi zinachitikanso kale ku America. William Miller, mlimi wa mpingo wa Baptist ku New York, anawerengetsa zaka za m'buku la Danieli, ndipo omutsatira anakhazikika pa tsiku la 22 October 1844 kuti ndi pamene Yesu adzabwere. Ena sanakolole mbewu zawo, ena anatseka masitolo. Tsikulo linadutsa ngati masiku ena onse. Ambiri anabalalika, koma kagulu kena kanati tsiku silinalakwike, cholakwika ndi kamvedwe ka chimene chinayenera kuchitika: ntchitoyo inayambika kumwamba, osati pansi pano. M'kagulu kameneka ndi m'mene munatuluka mpingo wa Seventh-day Adventist, umene unakhazikitsidwa mu 1863, ndipo mu 1902 unatenga malo a mishoni ku Thyolo amene lero ndi Malamulo. Amene amapita ku chipatala chimenechi sadziwa onse kuti gwero lake ndi anthu amene anagwiritsidwa mwala usiku wina n'kukana kubalalika.

Katswiri wina wa za maganizo a anthu, Leon Festinger, anafuna kuona zimenezi ndi maso ake. Mu 1954 mayi wina wa ku Chicago, Dorothy Martin, analengeza kuti pa 21 December kudzagwa chigumula, ndipo okhulupirira adzatengedwa pakati pa usiku ndi chombo chochokera kuthambo. Festinger ndi anzake analowa m'gululo ngati mamembala. Ena mwa okhulupirirawo anali atasiya ntchito ndi sukulu. Pakati pa usiku panakwana, wotchi ikungoyenda, chombo osaoneka. Chakum'bandakucha mayiyo anati walandira uthenga watsopano wakuti chifukwa cha kukhulupirika kwa kagulu kawo, Mulungu waleka kuwononga dziko. M'buku lawo la mu 1956, When Prophecy Fails, ofufuzawo anafotokoza kuti munthu akakhala ndi zinthu ziwiri zotsutsana m'mutu, monga "ndataya zonse chifukwa cha ichi" ndi "ichi n'chabodza", mtima supeza mtendere, ndipo njira yosapweteka kwambiri ndi kupeza kamasulidwe katsopano. Bukuli lili ndi olitsutsa: ofufuzawo anali ochuluka m'kagulu kochepa kotero kuti nawonso anasokoneza zochitika, ndipo kaguluko sikanakhalitse. Koma mfundo imodzi imene anaiona ndi yofunika kuisunga. Amene anadikira usikuwo ali pamodzi m'nyumba imodzi anagwiritsitsa chikhulupiriro kuposa amene anadikira aliyense payekha kwawo. Chimene chimasunga munthu pa nthawi yokhumudwa ndi nkhope za anzake amene akhumudwa naye limodzi.

Apa n'pamene nkhani ya Mboni za Yehova m'Malawi imalowera, ndipo ndi nkhani yofunika kuikamba mwaulemu chifukwa ambiri amene anaiona ali moyo. Boma la Dr Kamuzu Banda linaletsa chipembedzochi mu 1967. Mlandu wawo waukulu unali kukana kugula khadi la chipani cha Malawi Congress, khadi la matambala 25. Mu 1972 nkhanza zinafika poipa: anachotsedwa ntchito, nyumba zinatenthedwa, anthu anamenyedwa, amayi anagwiriridwa, ena anaphedwa. Zikwizikwi zinathawira ku Sinda Misale m'dziko la Zambia, kumene ambiri, makamaka ana, anamwalira ndi matenda pa msasa. Ena anathawira ku Mozambique. Chiletsocho chinachotsedwa mu 1993.

M'zaka zomwezo, mabuku a gululi anali atadzutsa chiyembekezo chachikulu pa chaka cha 1975, ndipo chitadutsa popanda kanthu, utsogoleri wake unadzavomera mu 1980 kuti zolembedwa zake zinathandizira kukweza chiyembekezocho. Kenako Raymond Franz, amene anakhala m'bungwe lolamulira la Mboni kuyambira 1971 mpaka 1980, analemba buku mu 1983 lotchedwa Crisis of Conscience. Mwa zina anadandaula kuti pamene Amalawi ankafera khadi la chipani, abale a ku Mexico ankaloledwa kupeza chiphaso cha usilikali popereka kangachepe kwa akuluakulu. Kwa iye uku kunali kuyeza ndi miyeso iwiri. Franz mwini wake anachotsedwa mumpingo chifukwa chodya pamodzi ndi munthu amene anali atadzilekanitsa ndi gululo.

Tsono taganizirani bambo wa ku Mchinji kapena ku Mulanje amene anaika mwana wake m'manda a pa msasa, wina n'kubwera kudzamuwerengera zimene Franz analemba. Kuvomera kuti utsogoleri unalakwitsa pa nkhaniyi kuli ngati kunena kuti mwanayo anafera pachabe. Ndi anthu ochepa amene mtima wawo ungasenze zimenezo. Komanso bamboyu ali ndi umboni wake umene buku silingaufafanize: amene anamubisa, amene anagawana naye chinangwa pothawa, anali abale a mumpingo. Katswiri wa zachuma Laurence Iannaccone analemba mu 1994 kuti mipingo yokhwimitsa malamulo ndi imene imakhala yolimba, chifukwa mtengo wokwera wa umembala umathamangitsa ongoyandama, n'kutsala anthu amene akhoza kudalirana zenizeni. Mbali yowawa ya kulimba kumeneku ndi yakuti pamene gulu limalamula kuti wochotsedwa asamachezeredwe, wotuluka amataya mayi ake, ana ake ndi anzake onse tsiku limodzi. Alipo amene amakhala pa benchi chikhulupiriro chitatha kale, pofuna kuti azidyabe nsima ndi ana awo.

Tisaiwale kuti ambiri amakhala chifukwa akukhulupiriradi. Mawu amene amamveka kawirikawiri ndi akuti, "Ine sindipembedza abusa, ndimapembedza Mulungu." Mawuwa ena amawayesa kuzemba nkhani, koma ali ndi mizu yakale, ndipo mizu yake ili mu Africa momwe muno. Chizunzo cha mfumu Diocletian chitayamba mu 303, atsogoleri ena a mpingo kumpoto kwa Africa anapereka mabuku opatulika kwa asilikali kuti apulumutse moyo. Chizunzo chitatha, gulu la Adonatisi linati atsogoleri oterewa adetsedwa, ubatizo wochokera m'manja mwawo ndi wopanda ntchito, ndipo linapatuka. Augustine, bishopu wa ku Hippo, m'dziko limene lero ndi Algeria, anatsutsa. Anati mphamvu ya sakramenti ndi ya Khristu, siidalira kuyera kwa munthu woipereka, ndipo mpingo wa pansi pano ndi munda umene tirigu ndi namsongole zimakulira limodzi mpaka nthawi yokolola, monga fanizo la pa Mateyu 13. Pa msonkhano wa ku Carthage mu 411 mbali ya Augustine ndi imene inapambana. Mayi wa ku Ntcheu amene amalandira mgonero m'manja mwa mbusa amene sakumukhulupirira akutsata chiphunzitso chimenechi, ngakhale dzina la Augustine sanalimvepo.

Vuto ndi lakuti mawu abwino omwewa amatha kusanduka bulangeti lofunditsa zoipa. Pali kusiyana pakati pa kupirira mbusa waulesi kapena wokonda ulemu ndi kukhalira chete mbusa amene akuononga ana a anthu. M'mipingo imene mtsogoleri ndiye mwini wake, amene anthu amamutcha "papa" ndipo palibe sinodi kapena bishopu womufunsa, vesi ya pa Masalimo 105 yoletsa kukhudza odzozedwa imagwiritsidwa ntchito ngati loko wa pakamwa. Nyumba yogona alendo ya mpingo wa mneneri TB Joshua ku Lagos itagwa mu September 2014 n'kupha anthu 116, ambiri a iwo ochokera ku South Africa, maulendo opita kumeneko sanathe. BBC itaulutsa mu January 2024 umboni wa anthu amene kale anali ophunzira ake, onena za kugwiriridwa ndi kuzunzidwa, mpingowo unakana, ndipo omukonda ambiri anati ndi nkhondo ya Satana yolimbana ndi munthu wa Mulungu. M'magulu otere chitsutso chochokera kunja chimamveka ngati chizindikiro chakuti ali pa njira yoona. Munthu amene amakhulupirira kuti anachiritsidwa kapena anapeza mwana kudzera mwa mneneriyo amaona ngati kumukayikira ndi kubweza dalitso.

Nanga munthu amene waona cholakwika ali ndi njira zingati? Albert Hirschman, m'buku lake la mu 1970 lotchedwa Exit, Voice, and Loyalty, anati membala wosakhutira wa bungwe lililonse akhoza kutuluka kapena kulankhula, ndipo kukonda bungwelo n'kumene kumamuchedwetsa kutuluka kuti ayambe walankhula. Anaonanso chinthu chimene akulu a mipingo ayenera kuchimvetsa: amene amayamba kuchoka nthawi zambiri ndi amene amasamala kwambiri za ubwino wa zinthu, ndipo akachoka bungwe limatsala ndi anthu osafunsa mafunso. Wong'ung'udza amene akubwerabe ndi chuma cha mpingo, ngakhale amatopetsa pa msonkhano.

Amayi a CCAP ndi umboni wake. Kwa zaka zambiri iwo ndi amene ankadzaza mabenchi, kusesa tchalitchi, kuyendera odwala ndi kusonkha ndalama, koma ubusa unali wa abambo okha. Mu 1995 amayi ogwira ntchito mu sinodi ya Blantyre anayenda ulendo kukapereka chikalata cha madandaulo awo kwa akuluakulu a sinodi, ndipo ena mwa iwo anaimitsidwa ntchito. Sanapite kukayambitsa mpingo wawo. Isabel Apawo Phiri analemba za moyo wa amayi a Chichewa mu sinodi ya Nkhoma m'buku lake la mu 1997, nkhaniyo n'kufika m'makalasi a zaumulungu. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, sinodi za Livingstonia ndi Blantyre zinali zitayamba kudzoza amayi kukhala abusa. Akanatuluka onse mu 1995, panalibe amene akanadzozedwa. Ku Boston nako, nyuzipepala ya Boston Globe itaulula mu 2002 m'mene dayosizi inkasamutsira ansembe ozunza ana m'malo mowalanga, Akatolika ena amene anakana kutuluka anapanga gulu la Voice of the Faithful n'kumapanikiza kuchokera m'kati, ndipo chaka chisanathe Kadinala Bernard Law anatula pansi udindo.

Amalawi anatulukiranso njira yawo imene Hirschman sanailembe. Dzina limakhala m'kaundula wa mpingo wa makolo, masika amaperekedwa, m'mawa munthu amaimba nyimbo za m'buku. Masana amapita ku felosipi, Lachisanu usiku ali pa phiri la Bunda kapena la Soche kupemphera mofuula, ndipo matenda akavuta amakaonekeranso kwa mneneri. Akatero maliro ndi ukwati zili m'malo mwake, ludzu la mtima nalo lathetsedwa kwina. Abusa a mipingo yakale amadandaula nazo, koma ambiri anaphunzira kuyang'ana kumbali, ndipo ena anangolowetsa magitala ndi mapemphero a usiku m'tchalitchi mwawo momwemo.

Zonse zimene zakambidwazi ndi za anthu amene akusankha kukhala, atayeza phindu ndi zotayika. Pali kukhala kwa mtundu wina kumene sikulinso kusankha.

Ku Kanungu, kum'mwera chakumadzulo kwa Uganda, gulu la Movement for the Restoration of the Ten Commandments of God, lotsogozedwa ndi Joseph Kibwetere ndi Credonia Mwerinde, linauza anthu kuti dziko lidzatha pamapeto pa 1999. Mamembala anagulitsa minda ndi ziweto n'kupereka ndalama kwa atsogoleri. Ankaletsedwa kulankhula momasuka, nthawi zambiri ankangogwiritsa ntchito zizindikiro za manja. Chaka chatsopano chitafika dziko lili chilili, ena anayamba kufunsa katundu wawo. Pa 17 March 2000 mazana a anthu anapsera m'tchalitchi chimene mazenera ake anakhomedwa ndi matabwa, ndipo apolisi anafukula mitembo ina yambiri m'maenje a pa malo ena a gululo. Onse pamodzi anapitirira 700. Mu April 2023, m'nkhalango ya Shakahola pafupi ndi Malindi ku Kenya, munayamba kufukulidwa mitembo ya otsatira a Paul Mackenzie, amene anauzidwa kusala kudya mpaka imfa kuti akakumane ndi Yesu. Mitembo inapitirira 400, yambiri ya ana. Ena mwa opulumutsidwa ankakanabe chakudya ali m'manja mwa boma.

Anthu amenewa sanalowe m'nkhalango tsiku loyamba. Anayamba ndi mapemphero abwinobwino, kenako anauzidwa kuti sukulu ndi ya Satana, chipatala ndi kusowa chikhulupiriro, achibale osakhulupirira ndi adani. Sitepe iliyonse inkadula chingwe chimodzi chowalumikiza ndi anthu akunja, kufikira analibenso kobwerera ngakhale akanafuna. Kuno kwathu fungo la zimenezi linamvekapo mu 2010 pa mliri wa chikuku, pamene mabanja a mipingo ina yokana mankhwala ankabisa ana kuti asabayidwe katemera, mpaka apolisi kulowererapo.

Choncho funso lothandiza kwa womvera si lakuti mpingo wake uli ndi zofooka kapena ayi, popeza wopanda zofooka kulibe. Mafunso othandiza ndi ena. Kodi membala wamba angaimirire pa msonkhano n'kufunsa za ndalama, mawa lake n'kupatsidwabe moni? Kodi mtsogoleri ali ndi wina womuweruza akalakwa? Ndipo amene anatuluka chaka chatha, anthu akakumana naye pa msika amamulonjera kapena amatembenuza nkhope? Pamene mayankho ake ndi abwino, wokhalayo ali ndi zifukwa zomveka, ndipo amene amamuseka sanawerengere zimene iye wawerengera. Pamene mayankho onse ndi oipa, munthuyo ali m'ndende ngakhale akuimba. Gawo 33 la malamulo aakulu a dziko la Malawi limapatsa munthu aliyense ufulu wa chikumbumtima, chipembedzo ndi chikhulupiriro, ndipo ufulu umenewu ndi wa wokhala ndi wotuluka yemwe.

Kwa inu amene muli ndi m'bale m'gulu limene likukudetsani nkhawa: kumunyoza ndi kunyoza mtsogoleri wake sikumutulutsa, kumangotsimikizira zimene anauzidwa kale zoti akunja amamuda. Muziyendera, muzimuimbira foni, muzimuitana pa zochitika za pabanja ngakhale akane kangapo, kuti tsiku limene adzayambe kukayika adzadziwe khomo logogoda. Koma ngati pali mwana amene akumanidwa chakudya, chipatala kapena sukulu, kapena akuchitidwa nkhanza m'dzina la pemphero, musadikire kuti akulu a mpingo akambirane. Pitani kwa amfumu, ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ya m'boma lanu, kapena ku Victim Support Unit pa polisi imene muli nayo pafupi. Nambala yaulere yothandiza ana m'Malawi ndi 116.